Ndalama zikakhala zochepa, mirrorless iyambe yadikira kaye

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, onse ojambula maukwati ndi zinkhoswe ngati ine, onse akadali ndi makamera aja tinayambira tonsefe, wina Canon 600D, wina Nikon D3200, winayo Canon 1300D, ndipo onse asonkhasonkha kangachepe akufuna kukwerako pang'ono. Funso lake nlakuti, akulu, ndigule mirrorless kapena ndikhalebe pa DSLR? Nde ndati ndilembe kamodzi momwe ine ndikuonera, chifukwa ndalama imeneyi munthu amaisunga chaka chathunthu, pena ziwiri, akudzimana zambiri pakhomo, ana akufuna fizi, landilodi ali pakhomo, ndiye kuiona ikulowa pa chinthu chosamuthandiza pa ntchito yake zimandipweteka kwambiri. Ine mbali yanga ndi iyi: ngati nsima yanu imachokera pa zithunzi, ndipo ndalama muli nayo ikukwana kugula chinthu chimodzi basi, gulani DSLR yapamwamba yogwiritsidwapo kale ntchito ndi lensi yowala, mirrorless idikire. Ngati nsima yanu ndi vidiyo, nkhani ndi ina, ndifikako kutsogoloku.

Tiyambe ndi chomwe chili mkati muja, poti ambiri timangotchula mainawa osadziwa kuti kusiyana kwake kuli pati. Mu DSLR mukachotsa lensi muona kagalasi kopendekeka. Kuwala kukalowa kamagunda kagalasi kaja nkukwera mmwamba kufika pa diso lanu, ndiye zomwe mukuona poika diso ndi zenizenizo, palibe magetsi akugwira ntchito pamenepo. Mukadina batani kagalasi kamathawira mmwamba, shata, kachitseko kotchinga kuwala, nkutseguka, kuwala nkufika pa sensa, kachipangizo kamene kamatola chithunzi, nchifukwa chake imalira phokoso lija aliyense mu tchalitchi amacheuka. Mirrorless kagalasi kameneka kulibe, dzina lakelo likunena zomwezo. Kuwala kumangofikira pa sensa nthawi zonse, ndipo chomwe mukuona poika diso ndi kasikirini kakang'ono kamene kakuonetsa zimene sensa ikuona. Zabwino zonse za mirrorless zikuchokera pamenepa, ndipo mavuto ake onse akuchokeranso pomwepa.

Sindikubisirani, DSLR nthawi yake ikutha. Panasonic anatulutsa Lumix G1 mu 2008, anthu nkumaiyesa choseweretsa, Sony anabwera ndi a7 mu 2013, kenako a7 III mu 2018 imene inachititsa ojambula maukwati ambiri kunjaku kusamuka, ndipo chaka chomwecho cha 2018 Canon anatulutsa EOS R, Nikon nkutulutsa Z6 ndi Z7. Kuyambira 2020, pamene kunabwera Nikon D780 ndi D6 komanso Canon 850D ndi 1D X Mark III, makampani awiriwa sanatulutsenso DSLR ina yatsopano. Mkulu wa Canon, Fujio Mitarai, ananena yekha kumapeto kwa 2021 kuti 1D X Mark III ndi yomaliza pa ma DSLR awo akuluakulu aja. Amene akakamirabe ndi Pentax basi. Ndiye amene akukuuzani kuti tsogolo ndi mirrorless sakunama ayi.

Koma kutha kwa DSLR komweko ndi kumene kwatsegulira ife khomo. Ojambula a ku Ulaya, ku America, ku Japan ngakhale ku Joni akugulitsa zida zawo zakale kuti agule zatsopano, ndipo zikutuluka zambiri nthawi imodzi, mitengo nkugwa. Canon 5D Mark III inatuluka mu 2012 pa madola 3,499, bodi yokha, kutanthauza kamera yopanda lensi. Canon 6D chaka chomwecho madola 2,099. Nikon D750 mu 2014 madola 2,299. Awa ndi makamera amene anajambula maukwati a anthu olemera ndi zithunzi za mmagazini kwa zaka zambiri, ife nkumangowaona pa YouTube, lero pa kaunjika mtengo wake sukufika ndi theka lomwe, ndipo chithunzi chimene ankatulutsa nthawi imeneyo sichinasinthe, sensa siikalamba ngati munthu. Kuno kwathu, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja kusowa, kuonjezera msonkho ndi mtengo wotumizira, dola iliyonse imene mwapulumutsa ndi nsapato za mwana. Sitingamagule ngati anthu amene amalandira mapaundi.

Tsopano taonani chimene ndalama yomweyo ikugulireni ku mirrorless ngati mukufuna yatsopano ya mbokosi. Mupeza tija tapansi, monga Canon R100 kapena R50 za 2023, kapena Nikon Z30. R50 ndi kakamera kabwino ndithu, sindikukanyoza, koma kamabwera ndi lensi ya 18-45mm imene ukaikoka mpaka kumapeto imafika f/6.3, ndipo nambala ya f ikamakula ndiye kuti lensi ikulowetsa kuwala kochepa. Amene anajambulapo mu matchalitchi athuwa akudziwa tanthauzo la nambala imeneyi. Tchalitchi cha malata opanda siling'i, mawindo ang'onoang'ono ammwamba, mababu awiri ndipo limodzi linapsa kale, mkwatibwi akulowa mwapang'onopang'ono anamwali akuvina patsogolo, inu muli ndi f/6.3. ISO, imene imawalitsa chithunzi mumdima, ikwera mpaka chithunzi kuoneka ngati mwathira mchenga, kapena shata ichedwa ovinawo nkutuluka ngati mizukwa. Pamene kalensi ka 50mm f/1.8, kotchipa kuposa malensi onse, kamalowetsa kuwala kochuluka ka 12 kuyerekeza ndi f/6.3. Ka 12! Palibe bodi yatsopano, kaya ikhale yanzeru bwanji, imene ingabweze kuwala kumene lensi yakana kulowetsa.

Onjezerani kukula kwa sensa. 6D, 5D Mark III, D610 ndi D750 ndi full frame, sensa yake 36mm ndi 24mm, pamene timakamera tapansi tija, kaya DSLR kaya mirrorless, sensa yake ndi yaing'ono yosafika ndi theka la imeneyo. Sensa yaikulu imatola kuwala kwambiri, ndiye mu holo usiku mukakweza ISO kufika 3200 kapena 6400 khungu la munthu limaonekabe khungu. Ndipo apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ife timajambula anthu akuda ovala zoyera. Mkwatibwi wakuda bii, diresi loyera mbee, mkwati suti yakuda, onse mu chithunzi chimodzi padzuwa la 11 koloko panja pa tchalitchi, imeneyi ndi ntchito yovuta kwa kamera iliyonse, ukateteza diresi nkhope imada, ukaunikira nkhope diresi limapsa maluwa ake onse osaoneka. Chomwe chimakupulumutsa ndi kujambula RAW, faelo yosunga zonse zimene sensa yatola, pa sensa imene imalola kukweza mithunzi pa kompyuta osaswa chithunzi, ndipo D750 pa nkhani imeneyi ndi dolo mpaka lero. Ndinayamba kuona ulusi wa diresi ndi maso a mkwatibwi limodzi mu chithunzi chimodzi nditasamukira ku full frame, ndipo sindinaiwale tsiku limenelo, ndinakhala pa laputopu kumangokuza nkuchepetsa chithunzi chomwecho.

Ndiye pali batire, imene kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa zonse, ngakhale achinyamata ambiri saiwerengera. Poti mirrorless sensa ndi sikirini zimakhala zoyaka nthawi yonse, imadya moto ngakhale simukujambula, bola mwaiyatsa. DSLR mukhoza kuisiya yoyatsa tsiku lonse ili pakhosi, imangogona. Pa muyezo umene makampaniwa amagwiritsa ntchito, wa CIPA, D750 imajambula zithunzi 1,230 pa batire limodzi, D7200 1,110, Canon 80D 960, ka D3500 mpaka 1,550. Canon RP, imene ndi full frame mirrorless yotchipa, 250. Sony a6000, 360. Zoona pa ntchito yeniyeni manambalawa amapitirira mbali zonse ziwiri, koma kusiyanako kumakhalapobe ndipo nkwakukulu.

Chaka chatha ndinapita ku ukwati kumudzi cha ku Ntcheu, Lachisanu madzulo, ndi mnyamata wina amene amandithandiza. Iye anali atangogula kumene ka mirrorless, akukakonda zedi, ndipo zithunzi zammawa mkwatibwi akumupaka zinali zokongola kuposa zanga, ndinamuuza ndithu. Anali ndi mabatire awiri. Kumudziko magetsi kulibe, jenereta inali ya anyamata azoimbira ndipo mafuta anawayeza kuti akwane phwando lokha. Loyamba linatha tili mu tchalitchi, chifukwa ulaliki unatalika iye kamera ili chiyakire akudikira mphete. Lachiwiri linatha cha mma 3 koloko masana perekani-perekani ili pakati, mbali ya akuchikazi itangoitanidwa kumene, azakhali a mkwatibwi akubwera chovina ndi lichero la ndalama, nthungululu zili pakamwa, fumbi lili koboo. Ndinamuona ataima pambali pa tenti akutsegula nkutseka kachitseko ka batire ngati mwina liyakanso, nkhope itagwa, kenako anathamangira kwa azoimbira kukapempha soketi, soketi zonse zili ndi masipika. Ine ndinatsala ndekha mbali zonse ziwiri ndi batire lomwe ndinaika mmawa, likadali ndi timizere tiwiri. Mnyamata uja sanalakwe chilichonse pa luso, anangogula kamera yopangidwira malo amene soketi imakhala pakhoma lililonse.

Wina anena kuti si vuto, ungogula mabatire ambiri, komanso mirrorless zambiri zimatchajidwa ndi pawabanki pa USB pamene DSLR zambiri sizitero. Izi nzoona ndipo ndi mwayi weniweni, mnyamata uja pano amayenda ndi pawabanki ndi mabatire anayi. Komatu mabatire anayiwo ndi ndalama imene sanaiwerengere pogula, ndipo enieni ndi odula, abodza aja amafufuma pakangotha miyezi. Chinanso chimene ndimakondera ma DSLR apakatikati ndi apamwamba nchakuti batire lake ndi limodzi pa makamera ambiri. LP-E6 ya Canon ili mu 60D, 70D, 80D, 6D, 5D Mark II ndi Mark III. EN-EL15 ya Nikon ili mu D7000, D7100, D7200, D610, D750. Ukasowa pa ukwati mtauni muno, kuimbira mnzako mmodzi kapena awiri walipeza, tchaja chimodzimodzi. Ndipo banja lomweli la mabatire likupitirira ku R6 ya Canon ndi Z5, Z6 za Nikon, ndiye tsiku lodzasamuka mudzapita nawo.

Nkhani ina imene anthu amaiona ngati yaing'ono mpaka tsiku lowagwera ndi makhadi awiri. Ukwati subwerezedwa. Ine khadi linandifera kamodzi, ndili ndi kamera ya polowa khadi limodzi, chinali chinkhoswe, kufika kunyumba kompyuta ikuti khadi lifomatidwe. Ndinakhala usiku wonse ndi mapulogalamu obwezeretsa, ndinapulumutsa mwina theka, koma mbali imene ankhoswe ankapatsana nkhuku inapita yonse. Kupita kukawauza makolo amtsikanayo, mayi ake sanakalipe, anangoti agogo ake a mwanayu anachokera kutali ndipo ndi okalamba, mwina ulendo wake unali womaliza umenewu. Mawu amenewo ndimawamvabe. Kuyambira pamenepo sindijambula mwambo wa munthu pa kamera ya khadi limodzi ngati ndingathe kupewa. 5D Mark III, D610, D750, D7100, D7200 zonse zili ndi polowa makhadi awiri, chithunzi chilichonse chimalembedwa kawiri. 6D ndi 80D ayi, limodzi, chimenecho mudziwiretu. Ku mirrorless, R50, R10, RP, R8, Z50, a6000, a6400, zonsezi limodzi, kuti mupeze awiri mukwere mpaka Z5, a7 III kapena R6, ndipo pamenepo mtengo wachoka kale pa bajeti imene tikukambayi.

Fumbi nalo. Okutobala wa kwathu kuno mukumudziwa, bwalo la sukulu anthu akuvina, galimoto za mdipiti zikudutsa. Mukachotsa lensi pa mirrorless yotchipa sensa imakhala pamtetete kuyang'ana kumwamba, pamene pa DSLR kutsogolo kwake kuli galasi ndi shata yotseka. Sikuti DSLR siilowa fumbi, imalowa, koma osati msanga choncho, ndipo kadontho kamodzi pa sensa ndi kadontho pa zithunzi 600 zimene muzikafufuta chimodzichimodzi usiku.

Koma mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi ya malensi, chifukwa ndi imene imachotsa mantha oti mukagula DSLR lero mwataya ndalama. Poti mirrorless ilibe galasi, lensi yake imakhala pafupi kwambiri ndi sensa. Ku Canon, EF ya DSLR mtunda wake ndi 44mm, RF ya mirrorless 20mm. Ku Nikon, F ndi 46.5mm, Z ndi 16mm. Ndiye lensi yakale imakwana pa bodi yatsopano bola pakati muikepo kachitini kobwezera mtunda wotsalawo, ndiyo adaputa ija, mkati mwake mulibe galasi lililonse loti nkuononga chithunzi, ndi bowo chabe ndi timawaya. Canon yawo ndi EF-EOS R, Nikon ndi FTZ. Malensi a EF, amene akhala akupangidwa kuyambira 1987, amagwira bwinobwino pa makamera a R, ena mpaka fokasi imalondola kuposa mmene inkachitira pa DSLR. Koma mobwerera sizitheka, lensi ya RF kapena Z siingalowe pa DSLR. Tanthauzo lake nlakuti ndalama mwaika pa 50mm f/1.8, pa 85mm f/1.8, pa 24-105mm f/4, pa Tamron kapena Sigma ya f/2.8, siikufa, idzakutsatirani kulikonse mudzapite. Bodi ndi imene imatsika mtengo chaka ndi chaka, ndiye ndi nzeru kulipira zochepa pa chinthu chotsika mtengo ndi zambiri pa chinthu chokhalitsa. Taonani ngakhale mitengo, Nikon 50mm f/1.8G ya DSLR inatuluka pa madola 220, ya Z ya 50mm f/1.8 S pa madola 600. Ya Z ndi yakuthwa kuposa, sindikana, koma kasitomala amene akulandira zithunzi pa WhatsApp kusiyana kwa madola 380 kumeneko sakuona.

Pali maenje angapo amene ndaona anzathu akugweramo. Wa 600D uja akati akwere ku 6D, adziwe kuti lensi yake ya 18-55mm ndi EF-S, yopangidwira sensa yaing'ono, pa full frame ya Canon siilowa nkomwe, ndiye bajeti ikhale ya bodi ndi lensi limodzi, apo ayi atenge 80D imene malensi ake onse apitiriza kugwira. Ku Nikon lensi ya DX, ya sensa yaing'ono, imalowa pa D750 koma kamera imadula chithunzi nkutsala ma megapixel pafupifupi 10. Malensi akale a Nikon olembedwa AF-D amadalira mota ya mu bodi, ndiye pa D7200 ndi D750 amafokasa okha, koma pa D3200, D5300 ndi pa adaputa ya FTZ muzipotokola ndi dzanja, choncho ngati mukuganiza zodzasamuka gulani olembedwa AF-S. Ndipo chonde, Canon M50. Ikuzungulira kwambiri pa Facebook pa mtengo wokopa, anthu nkumati ndapeza mirrorless yotchipa, chikomekome cha nkuyu. Canon anasiya mzere wonse wa EOS M mu 2023, ndipo malensi ake a EF-M salowa pa makamera a R ngakhale ndi adaputa. Ndiye munthu wathawa DSLR poopa kuti ikutha nkukalowa mnyumba imene eni ake anatseka kale, pamene lensi ya EF ili ndi njira yopitira kutsogolo.

Tsopano ndinene chilungamo pa zimene mirrorless imaposa, chifukwa ndinaigwirapo ya mnzanga ukwati wathunthu ndipo ndinabwerako mtima ukulakalaka. Fokasi yogwira diso ija si bodza. Mkwatibwi akuyenda kubwera kwa inu, lensi ili pa f/1.8, kabokosi kamamata pa diso osachokapo, zithunzi khumi zonse zakuthwa, pamene pa DSLR mwina zisanu ndi ziwiri ndipo uzichita kusuntha kadontho ndi chala. DSLR imafokasa ndi kasensa kena kapansi pa galasi, ndiye pena lensi ndi bodi zimasemphana pang'ono fokasi nkumagwera pa khutu mmalo mwa diso, mpaka ukonze mu menyu, ndipo timakamera tapansi menyu imeneyo tilibe. Mirrorless imafokasa pa sensa yeniyeniyo, vuto limeneli kulibe. Chinanso mumaona kuwala kwa chithunzi musanadine, ndiye wophunzira amaphunzira msanga. Ndipo kujambula mwakachetechete abusa akupemphera, kapena pa maliro, ndi ulemu umene DSLR singapereke, ngakhale muchenjere pansi pa mababu a LED ndi machubu, magetsi athu ndi a 50Hz, shata yachete ija imatulutsa mizeremizere, ikani 1/50 kapena 1/100 kapena bwererani ku shata wamba. Zonsezi nzabwino. Funso langa nlakuti, pa zinthu zimene zikukulepheretsani kulipiritsa ndalama zambiri lero, fokasi ya diso ili pa nambala chani? Ambiri amene ndimaona ntchito yawo vuto ndi mdima, lensi ya kiti ija yobwera ndi kamera ndi kusowa fulashi, osati fokasi.

Vidiyo ndi pamene ndimatembenuka. Ngati makasitomala anu akufuna kanema wa ukwati, timavidiyo ta TikTok, nyimbo za kwaya, mapulogalamu a tchalitchi pa Facebook, musagule D750 kapena 6D, mudzalira. Zimajambula 1080p yokha ndipo fokasi yake pa vidiyo imasakasaka kupita kutsogolo kubwerera mmbuyo anthu akuona, komanso zimadula zokha pa mphindi 29 ndi masekondi 59, ulaliki usanafike ndi pakati pomwe. Apa Sony a6400 ya 2019 kapena ZV-E10 ya 2021, ngakhale R50 yomwe ija, zikuchitirani ntchito yabwino kwambiri, 4K, fokasi yotsata nkhope, ndipo a6400 malire a mphindi 30 aja ilibe. Sony ilinso ndi mwayi woti Sigma, Tamron ndi Viltrox akhala akuipangira malensi otchipa kwa zaka zambiri, pamene Canon anachedwa, analola Sigma ndi Tamron pa RF mu 2024 ndipo poyambira pa masensa aang'ono okha. Amene ali pakatikati, zithunzi zambiri vidiyo pang'ono, Canon 70D ndi 80D zili ndi Dual Pixel imene imatsata nkhope bwino pa vidiyo ngakhale ndi DSLR. Koma musanathamangire 4K yang'anani kaye laputopu yanu ngati ingakwanitse kuidula, ndi hadi diraivu yosungira, ndi bandulo yotumizira, poti imeneyonso ndi ndalama ya kamera yomweyo ngakhale siilembedwa pa bokosi.

Ena amandifunsa kuti nanga ikaonongeka, poti kampani ikusiya? Funso labwino. Koma tinene zoona, ndi angati mwa ife anatumizapo kamera ku kampani kuti ikakonzedwe? Timapita kwa amisiri athu omwewa, ndipo mmisiri chimene amafuna ndi kamera ina yakufa yochotsako zida, ndiye makamera amene anagulitsidwa ambirimbiri padziko lonse ndi amene zida zake zizipezeka nthawi yaitali. Shata ya 5D Mark III ndi D750 anaiyeza kuti imajambula zithunzi kufika 150,000, ya 6D 100,000, ndipo zambiri zimapitirira. Mukapeza ya 40,000, inu mukujambula 1,000 pa ukwati, werengani nokha maukwati amene atsalamo, ndipo kamerayo idzakhala itabweza ndalama yake kalekale musanafike kumeneko.

Pogula ya kaunjika musachite manyazi kuivuta, ndalama ndi yanu. Nikon imalemba nambala ya shata mkati mwa chithunzi chilichonse, jambulani chimodzi muone pa intaneti, Canon imafuna kuilumikiza ku kompyuta ndi pulogalamu, ndiye pitani ndi laputopu. Jambulani khoma loyera kapena kumwamba pa f/16 muone madontho a pa sensa. Yesani mabowo onse awiri a makhadi, makamaka la khadi lalikulu lija la CF pa 5D timapini take timapindika. Lensi ichotseni, tsegulani, unikani ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, mukaona tinthu ngati ulusi wa kangaude mkati mwa galasi chimenecho ndi chuku, chisiyeni ngakhale atsitse bwanji, chimafala, ndipo zida zimene zakhala kunyanja kapena mchikwama dzinja lonse zimakonda zimenezi. Nikon D600 ya 2012 inali ndi vuto lodziwika la madontho a mafuta pa sensa mpaka kampani inatulutsa D610 chaka chotsatira, ndiye pakati pa ziwirizi tengani D610. Ngati akukugulirani m'bale ku Joni kapena ku UK, muuzeni agule mu shopu imene imalemba nambala ya shata ndi kupereka miyezi ingapo ya waranti, osati kwa munthu wapamsewu, ndipo musatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook amene akukana kukumana.

Ndipo pa ndalama yotsalayo, fulashi. Godox kapena Yongnuo imodzi yotembenuka mutu, kuiombetsa ku siling'i kapena kukhoma osati kumaso kwa anthu, isintha zithunzi zanu za muholo kuposa bodi iliyonse imene ndatchula pano. Ma megapixel musavutike nawo, 24 ndi 6000 kwa 4000, zokwana chithunzi chachikulu cha pabalaza, ndipo D3200 yomwe ija ili nawo kale 24.

Anthu atatu aja ndawayankha mosiyana. Wa 1300D ntchito yake yambiri pano ndi mavidiyo a makwaya, ndamuuza asunge miyezi ina iwiri atenge a6400 ndi lensi imodzi ya Sigma yowala, asagulitse 1300D ikhale yojambulira zithunzi. Wa D3200 ndalama yake ndi yochepa kwambiri, ndamuuza bodi asaikhudze chaka chino, agule 35mm f/1.8G ndi fulashi ndi batire lachiwiri, ajambule maukwati asanu kenako tidzakambenso za D750. Wa 600D wapeza 5D Mark III kwa munthu wina ku Limbe amene akuti shata ili pa 60,000, pamodzi ndi 50mm, ndipo tapangana Loweruka mmawa tipitire limodzi, ine nditenga laputopu, khadi la CF ndi tochi.